Kukaona Kabula ndi Ana Kuchokera ku Dambe, Thumba Lili Lopepuka

[KANYIMBO KOTSEGULIRA]

WOULUTSA: Yakwana nthawi ya pulogalamu ya makolo ndi ana.  Nkhani ya lero ndi ya ulendo wotsika ndi ana aang'ono kuchoka kumapiri a Dambe, m'boma la Neno, kupita ku Blantyre (Kabula) popanda wodwala, popanda uthenga wa maliro, kungopita kuti anawo akaone mzinda.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma lonse la Neno muli anthu 138,291, pamene mumzinda wa Blantyre mokha muli anthu 800,264. Anthu a Neno yense, kuyambira ku Dambe mpaka ku Matope, atachulukitsidwa kasanu sangafikebe pa chiwerengero cha a mu Kabula. Mwana wa zaka zisanu amene anazolowera kuti aliyense wokumana naye panjira ndi azakhali, amalume kapena agogo, akatsika galimoto mumzindamu amaona anthu ochuluka pa mphindi imodzi kuposa amene amawaona kwawo mwezi wathunthu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe womupatsa moni.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ana ochuluka ndithu a kuno amene anapondako mu Blantyre anapitako chifukwa cha matenda. Anayambira pachipatala chaching'ono cha Dambe kapena cha Nsambe, n'kutumizidwa kuchipatala cha pa Boma ku Neno, kenako pa ambulansi mpaka ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mzinda amaukumbukira ndi fungo la mankhwala, jakisoni, ndi mayi awo atagona pa chitenje pakhonde. Mwana wotereyu ali ndi ufulu wodzauonanso mzinda womwewo ali bwinobwino, akudya nthochi, akuloza zinthu ndi chala n'kumafunsa mafunso. Ulendo woterewu si wa mabwana okha. Banja lolima mbatatesi lingathe kuukwanitsa, bola lidziwe pamene ndalama zimathera.

Chodya ndalama kwambiri ndi msewu. Zinthu zokaona zambiri n'zaulere kapena zotsika mtengo, koma kuti munthu achoke ku Dambe afike pa Boma, achoke pa Boma atsike mpaka pa tala wa ku Mwanza, apite ku Zalewa n'kulowa mu Blantyre, amakhala atasintha magalimoto kangapo ndipo paliponse walipira. Msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza, umene anthu a kuno akhala akuulirira kwa zaka zambirimbiri, ndiwo umakweza mtengo. Msewu ukakhala wa zigwembe magalimoto amachepa, amawonongeka msanga, ndipo mwini wake amabweza zonsezo pa wokwera. Pamwamba pa izo, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mafuta akasowa pamapampu mtengo wa matola umalumpha tsiku lomwelo. Choncho mtengo umene munthu anaumva chaka chatha ndi nthano chabe. Wofunsidwa akhale amene wabwera kuchokera kutauni sabata yomwe ino, monga ochita geni amene amaperekeza matumba a mbatatesi.

Ndalama yobwerera ndiyo yoyamba kupatulidwa, banja lisanatuluke pakhomo. Ena amaiika pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ena amaimanga pa mfundo ya chitenje chamkati. Kaya ana alire bwanji, kaya kaunjika akome bwanji, ndalama imeneyo siikhudzidwa. Ndi bwinonso kuonjezerapo pang'ono, chifukwa mtengo wopitira si nthawi zonse umafanana ndi wobwerera.

Nyengo nayo ndi ndalama. M'dzinja mapiri a kuno amaterera, galimoto imatha kutitimira m'matope mpaka kugona panjira, ndipo usiku umodzi wotero ndi ana awiri umadya kamba yense. Mu October kumunsi kwa Lisungwi ndi Zalewa kumatentha koopsa kwa mwana wozolowera mphepo ya ku Dambe. Nthawi yabwino ndi tchuthi chachikulu cha sukulu, cha mu August, msewu utauma ndiponso m'thumba muli kangachepe ka mbatatesi ndi manachesi. Majuzi asatsale, poti Blantyre ali pamtunda ndipo chiperoni chikabwera kumazizira ndi kuwaza kamvula tsiku lonse.

M'minibasi mwana wofukatidwa salipira, ndipo makolo ambiri amadalira pamenepa. Kwa wa zaka ziwiri kapena zitatu zili bwino. Koma kufukata mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kwa maola ambiri, pamapazi pali thumba, kumsana kuli khanda, n'kudzizunza, ndipo onse amakafika atakwiyitsana. Kulipirira mpando umodzi woti ana awiri agawane ndi ndalama yogwiritsidwa bwino ntchito. Nkhaniyi ikambidwe ndi kondakitala asanakwere, osati galimoto itanyamuka. Ana ambiri amachita nseru m'makhotamakhota otsika phiri, ndiye adye zopepuka m'mawa, akhale cha kuwindo, ndipo zovala zosinthira zikhale pamwamba m'chikwama.

Kuona zinthu kumayambira panjira pomwepo, ndipo malo oyamba oti mwana adzutsidwe ngati wagona ndi pa mlatho wa Zalewa. Mwana amene amadziwa timitsinje ta kumapiri toti n'kulumpha amaona kwa nthawi yoyamba Shire, mtsinje umene umatulutsa madzi a m'nyanja ya Malawi kupita nawo ku Zambezi. Apa kholo lili ndi nkhani yabwino yoti limuuze. Kumunsi pang'ono kwa mlathowu kuli Nkula, kumene makina opanga magetsi anayamba kuzungulira mu 1966, ndipo kutsogolo kwake kuli Tedzani. Chapafupi pomwepo pali Walker's Ferry, pamene bungwe la Blantyre Water Board limapopa madzi a mu Shire n'kuwakankha chokweza mtunda wa makilomita ambiri mpaka akatulukire m'mipopi ya ku Ndirande ndi ku Namiwawa. Magetsi amene mwanayo akawaone usiku, ndi madzi amene akasambe, zambiri zimachokera m'malire a boma lake lomwe. Mwana wodziwa zimenezi salowa mumzinda ndi manyazi a munthu wochokera kosadziwika.

Kuchoka apo ndi Mdeka, Lirangwe, Lunzu, kenako Kameza pamene msewu wa ku Chileka umakumana ndi wa ku Zalewa. Ana odziwa kuwerenga apatsidwe ntchito yowerenga zikwangwani mokweza. Ulendo umafupika.

[KANYIMBO]

WOULUTSA: Mphindi khumi zoyamba atatsika galimoto ndizo zofuna maso kwambiri. Pa depoti ya Wenela, imene inatenga dzina kwa kampani ija inkalemba azigogo athu ntchito za m'migodi ya ku Joni, pamakhala phokoso la oitanira, a kabaza, mavenda ndi onyamula katundu, aliyense akukoka kwake. Apa ndi pamene kholo limasiya dzanja la mwana kuti lilandire chenje kapena liyankhe foni, ndipo pocheuka mwana palibe.

Zodzitetezera zake n'zosalira ndalama. Mwana agwiridwe pamkono, pamwamba pa chikhatho, chifukwa tizala timapulumuka. Khanda liberekedwe. M'thumba la mwana aliyense mukhale kapepala kolembapo dzina lake, dzina la kholo ndi nambala ziwiri za foni, ya kholo ndi ya m'bale wa m'tauni. Masiku angapo ulendo usanachitike, mwana aphunzitsidwe ngati kanyimbo kutchula dzina lake lonse, mudzi wake, Mfumu Dambe, boma la Neno. Auzidwenso kuti akasowana ndi amayi ake aime pomwepo osathamanga, ndipo wouza vuto lake akhale wapolisi wa yunifolomu kapena mayi amene wakhala pa malonda ake, osati munthu womuitanira kumbali. Amene ali ndi foni ya kamera amujambule mwana m'mawa uliwonse ndi zovala za tsikulo, chifukwa munthu akasokonezeka mutu amaiwala ngakhale mtundu wa malaya amene wamuveka yekha. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza pa nkhani za ana, ndipo ya apolisi ndi 997.

Powoloka msewu, magalimoto a m'Malawi amayenda kumanzere, ndiye diso loyamba ndi la kumanja, kenako kumanzere, kenako kumanjanso. Njinga zamoto za kabaza zimatulukira kulikonse, ngakhale pakati pa magalimoto oima. Kukweza ana awiri ndi mayi pa njinga yamoto imodzi, opanda zipewa zotetezera mutu, kuti apulumutse ndalama ya minibasi, ndi chinthu chimene pulogalamu ino ikuchikana kwamtuwagalu. Kumudzi kabaza ndi wokakamizika poti galimoto kulibe. M'tauni minibasi zilipo.

Mwayi wake, malo oyamba okaona ali pafupi ndi Wenela, poyenda wapansi. Ndi pa Mishoni ya Blantyre, pamene mzinda wonsewu unayambira mu 1876, amishoni a mpingo wa ku Scotland atapatsidwa malo m'dera la Mfumu Kapeni n'kuwatcha dzina la kwawo kwa David Livingstone. Pakati pa mitengo ikuluikulu pali tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Amene anatsogolera ntchitoyo, M'busa David Clement Scott, sanaphunzirepo za zomangamanga, ndipo amisiri ake anali anthu a konkuno amene ankaphunzira ntchitoyo akuigwira. Njerwa anaumba ndi kuwotcha pomwepo, ndi zikombole zamatabwa za maonekedwe osiyanasiyana. Scott yemweyo ndi amene anatulutsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja mu 1892.

Mwana wa zaka zinayi alibe nazo ntchito zaka zimenezi. Chimene chingamugwire mtima ndi njerwa. Iye waonapo abambo ake kapena amalume ake akuponda dothi, kuliponya m'chikombole, kuyanika, kumanga uvuni. Kholo limuimike pafupi ndi khoma n'kumuuza kuti afunefune njerwa zosafanana ndi za kwawo: iyi yozungulira kumapeto, iyi yosongoka, iyi yokhala ngati yadulidwa pakona. Akweze maso aone nsanja ziwiri zakumaso, azindikire yekha kuti sizofanana, aonenso denga lozungulira loyera pamwamba. Theka la ola limatha ana akupikisana kuwerenga, ndipo palibe tambala imene yatuluka. Malowa ndi a mpingo wa CCAP ndipo mapemphero amachitikabe, choncho ofuna kulowa mkati apemphe kaye kwa oyang'anira, ndipo pakati pa sabata ndi pamene pamakhala bata. Pali mthunzi, pali udzu, ndi malo abwino omasulirapo kamba.

Kuchokera pa Mishoni banja lingathe kutsetserekera m'tauni, mu Haile Selassie Road ndi Victoria Avenue, kuti ana aone nyumba zosanjikizana ndi maloboti akusintha mitundu. Ola limodzi n'lokwanira. Miyendo ya mwana siifika patali pa simenti yotentha, ndipo kholo lofuna kuti aone zonse tsiku limodzi limathera kunyamula mwana wolira. Malo awiri pa tsiku, ena m'mawa ena masana, pakati pake kudya ndi kugona pang'ono, ndiye muyeso wa ana osapitirira zaka zisanu ndi ziwiri.

Ana okulirapo angakonde kuona Mandala House, nyumba yosanja ya mu 1882 ya kampani ya African Lakes, imene ili m'gulu la nyumba zakale kwambiri zimene zidakaimabe m'dziko muno. Ku Mandala komweko ndi kumene anthu a John Chilembwe anapita usiku mu January 1915 kukafuna mfuti. Wa Sitandade 5 amene anamva za Chilembwe m'kalasi adzakondwa kuponda pamalopo, koma wamng'ono adzangoona nyumba ya khonde lalitali.

Msika wa Blantyre ndiwo usadumphidwe, ngakhale uli wothinana. Mwana wa mlimi aimikidwe pa benchi ya mbatatesi, amve yekha mayi ake akufunsa mtengo wa mulu umodzi. Aziwerenge mbatatesi za pamuluwo, zimene kwawo amatola zotsalira m'munda akakumba, n'kumva ndalama yake. Kenako aone chiwaya, mbatatesi zomwezo zitasendedwa, kuduladula ndi kukazingidwa, kambale kamodzi mtengo wake kuposa mulu uja. Misika ya mumzindamu imadalira mbatatesi za kumapiri a Dedza, Ntcheu, Tsangano ndi Neno. Funso limene mwana wochenjera amafunsa pamenepa, loti nanga bwanji kwathu amatigula motchipa, ndi funso la msewu uja, ndipo kholo limuyankhe zoona.

[KANYIMBO]

WOULUTSA: Tsiku lachiwiri ndi la ku Chichiri. Minibasi za pakati pa Blantyre ndi Limbe zimayenda mumsewu wa Masauko Chipembere tsiku lonse, kondakitala akukuwa kuti watsala mmodzi ngakhale mipando ili mbwee. Zimadutsa pa Ginnery Corner, pa chipatala cha Queen Elizabeth chimene chinatsegulidwa mu 1958, ndi pa sukulu ya ukachenjede imene kale inkatchedwa Polytechnic, pano MUBAS. Mwana aloze sukuluyo, auzidwe kuti mmenemo amaphunziramo mainjiniya, ndipo ana a m'maboma onse amaloledwa akakhoza bwino.

Pa malo onse a mumzindamu, oyenera kulipirira ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, imene inatsegulidwa mu 1966. Pakhomo pamalipiridwa ndalama yolowera, yochepa poyerekeza ndi thiransipoti imene banja lawononga kale, ndipo m'bale wa m'tauni afunsiretu mtengo ndi nthawi yotsegulira. Ana sathamangira mkati. Amathamangira panja, pamene paima mutu wa sitima yakale yoyendera nthunzi, galimoto yakale yozimitsa moto ndi basi ya m'nthawi ya Nyasaland. Zachita dzimbiri, koma kwa mwana gudumu lachitsulo lotalika kufika m'mapewa mwake ndi chodabwitsa chachikulu. Aone pamene ankaponyera nkhuni kapena malasha, aone chumuni, afotokozeredwe kuti madzi akawira nthunzi yake imakankha chitsulo, monga imanyamulira chivundikiro cha mphika wa nyemba. Njanji inafika mu Blantyre mu 1908. Lero njanji ina, ya sitima zonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita kudoko la Nacala, imadutsa m'boma la Neno lomweli, ndiye mwana amene anaionapo sitima yaitali ija angathe kuyerekeza ya agogo ndi ya lero.

Mkati muli zida za makolo, makasu ndi mikondo yosula, zoimbira, zinthu za m'nthawi ya malonda a akapolo, ndiponso mwala umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981. Pa ndalama zakale kholo lichedwepo. Dziko lino linkagwiritsa ntchito mapaundi ndi masheleni mpaka 1971 pamene kwacha ndi tambala zinayamba. Litulutse ndalama ya m'thumba n'kufunsa ana kuti nkhope iyi ndi ya yani: pa K200 pali Rose Chibambo, pa K500 pali John Chilembwe, pa K50 pali Inkosi ya Makhosi Gomani Wachiwiri, mfumu ya Angoni a ku Ntcheu, oyandikana nawo a anthu a ku Dambe. Ogwira ntchito m'nyumbayi amadziwa zambiri ndipo amayankha akafunsidwa. Makolo ambiri amangodutsa mwakachetechete ngati ali m'chipatala, pamene mwana akanaloledwa kufunsa yekha kuti ichi n'chiyani bambo, akanatulukamo ndi nkhani za chaka chathunthu.

Chapafupi pali chipilala cha ufulu chimene chinatambalala pamwamba pa msewu, ndi bwalo la Kamuzu Stadium pamene mbendera ya Malawi inakwezedwa koyamba pa 6 July 1964. Kuliona kunja n'kokwanira. Tsiku la mpira wa Bullets ndi Wanderers, kapena la chikondwerero chilichonse cholowa ulere, si tsiku lopita ndi ana aang'ono pa geti. Pa 6 July 2017 anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa pa kupondana pa geti la Bingu National Stadium ku Lilongwe. Khamu likayamba kukankhana, mwana ndiye amakhala pansi.

Tsidya lina la msewu kuli masitolo akuluakulu a Chichiri Shopping Centre, ndipo apa ndi pamene thumba la kholo limayesedwa. Ena amati bola osalowako n'komwe. Pulogalamu ino ikuona mosiyana: ana alowe, aone mashelefu, mafiriji ndi matirole, poti kulowa n'kwaulere ndipo nawonso ndi ana a dziko lino. Koma alowe atakhuta, ndipo pangano lipangidwe panja: aliyense asankha chinthu chimodzi, cha ndalama yosapitirira mwakuti. Mwana akapatsidwa ndalamayo m'manja kuti akapereke yekha pa kauntala n'kulandira lisiti, kabisiketi kamodzi kamasanduka nkhani yaikulu. Akalira pofuna chidole chodula, kholo lisamukalipire kuti ndi wadyera, ndiponso lisadzimvere chisoni. Masitolo amayala dala zinthu zokopa ana m'munsi, pamene maso awo amafika. Mawu oti lero tilibe ndalama ya chimenecho, onenedwa modekha, mwana amawamva.

Pa nkhani ya chakudya, kamba wochokera kumudzi ndiye mpulumutsi: mbatata yowotcha kapena yophika, mtedza wokazinga, nthochi, manachesi, mazira owiritsa, zitumbuwa, thobwa m'chigubu. Zandiwo za msuzi zimasasa msanga pa kutentha kwa ku Zalewa, ndiye zitsale. Chakudya chogula chikhale kamodzi pa tsiku, chamoto, chophikidwa maso akuona. Nsima ya m'malesitilanti a kumsika imakhala yotsika mtengo kuposa ya m'misewu ikuluikulu, ndipo mbale imodzi ana awiri amakhuta.

Madzi ndi pamene sipafunika kuumira. Kolera amene anayamba mu March 2022 n'kupitirira mu 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Mafulizesi ndi madzi a m'timapepala osadziwika kumene atungidwa amakopa ana dzuwa likaswa mtengo, koma botolo la madzi owiritsa kapena othira mankhwala lochokera kunyumba ndilo lodalirika. M'chikwama mukhale kasopo, mapaketi awiri a Thanzi ORS ndi kabuku ka kuchipatala ka mwana aliyense. Zimbudzi za m'tauni zambiri n'zolipira, choncho ndalama zing'onozing'ono zikhale pafupi, ndipo mwana apite asananyamuke pamalo alionse pamene chimbudzi chapezeka, ngakhale anene kuti sakufuna.

Kogona, ambiri amafikira kwa abale ku Ndirande, Chirimba, Mbayani, Chilomoni, Machinjiri kapena Bangwe. Apa pafunika kunena mosabisa. M'bale wa m'tauni amagula chilichonse: makala, madzi a pa kiyosiki, mayunitsi a magetsi, ngakhale masamba a ndiwo, ndipo lendi imamudikira kumapeto kwa mwezi. Kumutulukira mwadzidzidzi ndi ana atatu n'kumuika pa moto. Auzidwe sabata ziwiri zisanakwane, auzidwenso tsiku lobwerera, ndipo alendo afike ndi ufa, nyemba ndi kathumba ka mbatatesi, zinthu zimene kumudzi zilipo koma m'tauni ndi ndalama. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Masiku awiri ogona ndi okwanira kuti achoke akukondedwabe.

Kwa abale komweko kuli choonetsa china chaulere. Madzulo ana atulutsidwe pabwalo aone mapiri ozungulira mzinda, Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe, kenako magetsi akuyaka kuyambira m'zigwa mpaka m'mapiri. Ana a ku Dambe ndi ana a mapiri, ndipo adzazindikira msanga kuti ena mwa mapiri a mumzindamu ndi ometedwa. Pa Soche pali zipsera za madzi ndi miyala zimene zinakokolola nyumba za ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Wamkulu pang'ono angathe kuuzidwa mofatsa zimene zinachitika, ndi chifukwa chake mitengo ya m'mapiri a kwawo ili yofunika kuisunga.

Za ndege, ana onse amazifuna. Bwalo la Chileka lili kunja kwa mzinda, ndipo ndege zikuluzikulu sizitera pafupipafupi. Banja lopita osadziwa nthawi limalipira minibasi kupita ndi kubwera n'kukaona mpanda. Pokhapokha m'bale atafunsiratu ola lenileni ndi pamene ulendo wa ku Chileka uli waphindu.

Makolo a m'maiko olemera nawonso amawerengera chimodzimodzi. London ndi umodzi mwa mizinda yodula kwambiri padziko, ndipo mabanja a kumeneko amanyamula chakudya cha kunyumba n'kusankha malo aulere. Kusiyana kwake n'kwakuti boma linawapeputsira: kuyambira mu 2001 nyumba zikuluzikulu za boma zosungiramo zinthu zakale, monga Natural History Museum, n'zolowa ulere, ndipo ana osakwana zaka 11 salipira m'mabasi a mumzindawo. Blantyre ali ndi malo ngati Njamba Freedom Park, pamene Papa John Paul II anachititsa Misa mu May 1989, koma mabwalo aulere osamalidwa bwino, okhala ndi akatungwe, mipando ndi zimbudzi zaukhondo, ndi osowa kwambiri mumzinda wa anthu ochuluka chotere. Khonsolo ya mzinda ikanaika mtima pamenepa, ikanathandiza ana a ku Ndirande ndi a ku Dambe omwe.

Pakadali pano, njira yotsitsa mtengo imene ili m'manja mwa anthu a kuno ndi kuyenda pagulu. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi, gulu la amayi a kumpingo kapena banki m'khonde lingathe kusonkha kwa miyezi ingapo, kuchita hayala galimoto imodzi yabwino, n'kulembera kalata a ku Chichiri ndi a pa Mishoni kuti akubwera ndi ana. Mtengo wa munthu mmodzi umatsika, kusinthasintha magalimoto kumatha, ndipo ana amasiye amene sakanapita ndi wina aliyense amapeza mpando. Pa ana aang'ono anayi alionse pakhale wamkulu mmodzi, ndipo awerengedwe pokwera ndi potsika paliponse.

Tsiku lobwerera si loonanso zinthu. Magalimoto okwera ku Neno ndi ochepa ndipo a ku Dambe ndi ochepa koposa, choncho wochoka mu Blantyre dzuwa litakwera amapezeka pa Boma mdima utagwa, wopanda chokwera. Shuga, sopo ndi buledi wa agogo zigulidwe dzulo lake, katundu amangidwe usiku, ndipo m'mamawa banja likhale lili kale pa siteji.

Omvera amene atsikako ku Blantyre mwezi uno akupemphedwa kutumiza uthenga kuno ku wailesi wonena mtengo umene alipira pa chigawo chilichonse cha msewu, kuchoka ku Dambe kufika pa Boma, pa Boma kufika ku Zalewa, ndi Zalewa kufika mu Blantyre, komanso ola limene galimoto yomaliza yokwera kumapiri inanyamuka. Mauthengawo adzawerengedwa mu pulogalamu ya sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino. 

[KANYIMBO KOTSEKERA]